Pampu Yobwereka

Sendererani kuno ana inu, mthunzi wathawira mbali ino. Misozi, koka lichero likhale pakati, manja aziswa nsawa makutu ali kwa ine. Iwe Dalitso, zija wawerenga pa foni yako mpaka kutsamwa ndi kuseka ndazimva, usayese ndagontha. Akuti dziko lina lakhala pansi kukonza za sitima zankhondo zimene lidzagule zaka zambirimbiri kutsogoloku, ndi zakale zimene lidzapumitse. Iwe ukuti ndi misala munthu kukonzera sitima imene idzafike iye ali kumanda. Wathirapo ndi mwano wako wa masiku onse, woti agogo ako anali msilikali wa m'madzi m'dziko lopanda nyanja yamchere. Seka, mano ndi ako. Koma ine amene ndakhala pampando wa ndalema uwu ndinaimapo pamaso pa anthu okonza zoterozo. Anabwera kudzaona ngati boti lathu linali loyenera kupuma kuti tilandire latsopano, anafunsa ine, ndipo yankho limene ndinapereka likundiwawa mpaka lero.

Madzi sindinawadziwire ku usilikali. Ndinabadwira kwa Mwape, kumene mtsinje wa Luangwa unali msewu wathu ndiponso ndiwo zathu. Malume anga anali osema mabwato. Inu simunaionepo nsompho, kankhwangwa kokhota kokumbira mkati mwa mtengo, mutaiona mungayese khasu la mwana. Malume ankatha mwezi wathunthu pa mtengo umodzi, go go go kuyambira m'mawa, zibenthu zikuuluka, ife tikutola zokasonkhera moto. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti bwato likangolowa m'madzi, lidakali kununkha utomoni, sabata yomweyo malume ankalowa m'thengo kukasankha mtengo wa bwato lotsatira. Ankautema chizindikiro, n'kumaulimira udzu chaka ndi chaka kuti moto wolusa usaupsereze. Nditawafunsa anati bwato ili likadzayamba kulowa madzi sipadzakhala nthawi yodikira mtengo kuti ukule. Mtengo womaliza umene anasankha anadzausema ndi mwana wawo, iwo atatsikira kale kulichete. Ndiye Dalitso, anthu a pa foni yakowo si oyamba.

Amayi anga anali ndi nzeru ina. Akamva kuti kukubwera mlendo, mudzi wonse unkadziwa. Ankazira m'nyumba ndi dothi lakuda, kusesa bwalo mpaka kunjira, kenako kutibalalitsa ife: wina kwa aphunzitsi kukabwereka mipando iwiri, wina kwa akatekisiti kukatenga ketulo ndi makapu a maluwa, wina kukapempha nsalu ya patebulo, tebulolo lili lobwerekanso. Ine ndinkavala malaya a mnzanga wa kuseri kwa nyumba. Mlendo asaone kusowa kwathu, limenelo linali lamulo, ndipo sanali amayi okha, khomo lililonse linkatero. Chaka china kunabwera mlongo wawo wa ku migodi, atanyamula mabulangete awiri oti apatse amene akuvutika kwambiri pa abale. Anamwa tiyi m'kapu ya maluwa, anayang'ana mipando ija, nanena kuti mlongo wawo akukhala bwino ndithu. Mabulangete anawoloka mtsinje kupita kwa abale ena, ife n'kupitiriza kufunda ziguduli. Nkhaniyi tinkaiseka paliponse pamene abale asonkhana, koma palibe amene anatolapo phunziro.

Ku usilikali ndinalowa nditagwirapo ntchito pa chigayo ku Petauke, kumene ndinazolowera fungo la dizilo ndi kulira kwa injini. Atamva kuti sipanala ndimaidziwa ndiponso ndimasambira, ananditumiza kumpoto, ku nyanja ya Tanganyika, ku gulu la asilikali olondera malire a pamadzi. Ulendo wa masiku amenewo sunali wa maminibasi anuwa, oti m'mawa uli pa Nyimba masana ukudya ku Lusaka. Basi inali imodzi, ukaiphonya ugone pasiteshoni. Inkakwera mapiri a ku Luangwa ikubuula, ife n'kutsika kumaika miyala kumatayala kuti isabwerere. Pa mlatho tinkagula nsomba zouma zomanga m'mitolo, m'thumba muli nthochi za kuno ndi chimanga chokazinga chimene amayi anandipatsa. Kuchokera ku Lusaka anali masiku enanso awiri, fumbi mpaka m'mano. Koma ulendo unkakoma, ana inu. Pofika unali utadziwana ndi basi yonse, mpaka maina a ana awo ndi matenda a ng'ombe zawo. Inu mumakwera limodzi tsiku lonse osapatsana ngakhale moni, aliyense mutu uli pa kagalasi kake.

Nyanja ndinaiona m'mawa titatsika phiri lomaliza. Ine amene ndinkadzitama ndi Luangwa ndinangotong'ola maso, chifukwa tsidya lina silinkaoneka. Tsiku loyamba pa boti ndinasanza mpaka ndulu. Amene anandigwira lamba kuti ndisagwere m'madzi anali aMulenga, Mbemba wamtali wa mpata m'mano, woyendetsa botilo. Paja mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timaitanana kuti mbuya, n'kumanyozana mmene tingathere popanda wokwiya. Iwo anayamba pomwepo kulengeza kwa asilikali onse kuti mbewa zimene ndinadya kwathu zikubwerera zamoyo, ine pakati pa kusanzako ndinawafunsa kuti nyani wa dzulo anamudya ndi chiyani. Kuyambira tsiku limenelo sitinasiyanenso. Iwo pamwamba pa chiwongolero, ine pansi pa injini, zaka khumi ndi zingapo.

Boti lathu linali ndi nambala yolembedwa kutsogolo, koma palibe ankaitchula. AMulenga analitcha Banakulu, ndiko kuti agogo aakazi m'Chibemba, chifukwa tonse tinalipeza litakalamba kale. Linali lachitsulo, la penti yotuwa, mfuti yaikulu kutsogolo yofunditsidwa tenti, injini imodzi ya dizilo m'mimba. Musaganize za m'mafilimu anu. Mfuti ija pa zaka zanga zonse inalira kangapo kokha, ndipo kambiri kunali kuyeserera. Ntchito yathu yeniyeni inali kuyenda m'malire kuti anthu a mfuti a kutsidya adziwe kuti tili maso, kugwira ozembetsa katundu, kukoka asodzi amene injini yawafera pakati pa nyanja, ndi kunyamula odwala a m'midzi yopanda msewu. Amayi atatu anachirira m'boti limenelo, ine ndikuwatenthetsera madzi pa injini. Tinkawotcha chinangwa pa paipi ya utsi, kukazinga kapenta wamuwisi amene asodzi ankatiponyera, n'kumadya ndi mchere wokha mafunde akutiwaza kumaso. Kapenta amene mumagula m'timapepala pa msika uyu ndi udzu, musamanditsutse. Misozi, ndikukuona, nsawa zikulowa m'kamwa zambiri kuposa za m'lichero.

Vuto linali lakuti amene anapanga Banakulu, kutsidya kwa nyanja zamchere, anali atasiya kalekale kupanga zitsulo zake. Chinthu chikathyoka, kulembera ku likulu kunali kutaya pepala. Ndiye zonse zinali m'manja mwanga. Ndinali ndi bokosi lachitsulo la zipangizo, masipanala osafanana mitundu, nyundo ya chigwiriro cha mtengo wa kwathu, ndi tupa limene ndinanola nalo zitsulo mpaka kusalala. Gasiketi ndinkadula pa katoni kapena pa chikopa cha jombo yakutha. Mapaipi ndinkamanga ndi malegeni a chubu cha galimoto. Pansi, pamene dzimbiri linadya chitsulo, ndinathirapo simenti. Matenda a injini ndinkawamva poika nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo, chigwiriro chili pa khutu. Amakaniko a lero amalumikiza kompyuta, ikawauza kuti chafa ichi amataya n'kugula china, ndipo amadzitcha amisiri.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali pampu yokoka madzi a m'nyanja kuti aziziziritsa injini. Inali itadyeka mkati. Tikamayenda pang'onopang'ono inkapirira, koma aMulenga akangokankha mwamphamvu injini inkatentha, tizime, tidikire, tiyambenso. Ndinaimasula ndi kuibwezera kosawerengeka, ndikanatha kutero nditatsinzina. Ndipo ndisakunamizeni, ndinkanyada. Asilikali ankati Sajeni Daka akhoza kudzutsa ngakhale mtembo bola umupatse sipanala, ine mutu n'kumakula.

Agogo anu aakazi anakhala nane kunyanjako zaka zinayi zokha. Paja iwo anabwera kuno ali mtsikana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki ndi makolo awo, ndipo banja lawo litapeza munda ku Petauke analumbira kuti sadzasiyanso nthaka. Mphepo ya kunyanja sinawayanje, ufa wa chinangwa ankaudya akung'ung'udza, mpaka anabwerera kudzalima kuno, ine n'kumabwera pa tchuthi. Koma asanachoke anali atapalana ubwenzi ndi mkazi wa aMulenga, amene tinkawatcha Bana Chanda, mpaka kumabwerekana nsalu za kutchalitchi. Agogo anu ankakonda kundinena kuti ndili pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wachitsulo uja. Musakawauze kuti ndavomera.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera ku likulu. Boma linali litaganiza zogula maboti atsopano, ndipo kunkabwera akuluakulu atatu kudzayendera maboti onse a m'nyanja za dziko lino kuti alembe mndandanda: ili lipume, ili lidikire. Apa mvetsera Dalitso. Boti lankhondo si njinga yoti ulowa m'sitolo n'kutuluka ukupalasa. Ayambe aona zimene zilipo, agwirizane kukula kwake ndi injini yoyenera madzi athu, apeze opanga, opangawo alipange, liwoloke nyanja yamchere, litsike padoko la dziko la eni, likwere lole kudutsa mapiri, kenako anthu aphunzire kuliyendetsa ndi kulikonza. Pofika pamenepo, mwana wobadwa tsiku la kalatayo ali kusukulu. Maboti atsopanowo anali ochepa, malo owafuna anali ambiri. Amene boti lawo lipezeke lotheratu ndiwo alandire, otsalawo adikire mndandanda wina, umene palibe ankadziwa kuti udzalembedwa liti.

AMulenga atamva anavina padoko anthu akuona. Sabata yonse asilikali ankangokangana za boti limene silinapangidwe n'komwe. Wa mfuti ankafuna mfuti yaikulu, wa wailesi ankafuna yomveka mpaka ku Lusaka, wina ankangofuna denga losadontha ndi malo ogona osapinda miyendo. AMulenga ankafuna chinthu chimodzi, injini ziwiri, kuti ina ikazima ina izipitiriza. Anati tisakhudze kanthu, alendowo apeze Banakulu monga alili, tiwapatse zitini akape okha madzi, injini iwazimire pakati pa nyanja amve mmene zimakomera. Ankanena zoona, koma ine mawuwo anandilasa. Ndinamva ngati akuti zaka zanga zonse za malegeni ndi simenti ziyalidwe pabwalo kuti anthu a ku Lusaka aziseke. Mkulu wa kampu yathu, kaputeni wachinyamata, anangolamula kuti boti litsukidwe ndi kupakidwa penti monga tinkachitira kukamabwera akuluakulu. Zinazo sananditume munthu, anali magazi a amayi anga amene anadzuka.

Padoko panali wamalonda wina, mnzanga wa kutchalitchi, amene boti lake la katundu linali ndi injini yofanana ndi yathu, ndipo anali atangopeza pampu yabwino kutsidya. Ndinapita kukaibwereka kwa masiku awiri, monga tinkabwerekera ketulo kwa akatekisiti. Sanafunse zambiri, nayenso anakulira m'nyumba yodziwa kulandira alendo. Ndinaimanga pa Banakulu, n'kuipaka penti yotuwa ndi girizi wakale kuti ifanane ndi zinzake. Simenti ya pansi ndinaiphimba ndi matabwa. Malegeni ndinawakulunga ndi nsalu n'kupakapo penti. Injini ndinaitsuka ndi palafini mpaka kuwala. AMulenga anatsika pamakwerero, anayang'ana zonsezo, nthabwala zitawathera.

"Mbuya, aba si balendo ba pa ukwati," anatero. "Babwela kuona matenda. Iwe ubisa wodwala kuli dokota?"

Ndinawayankha mwaukali kuti pamwamba ndi pawo, pansi ndi panga, ndipo ine sindinawaphunzitsepo kugwira chiwongolero. Anatembenuka n'kubwerera pamwamba.

Alendo anafika Lachiwiri. Wotsogolera anali aMeja Sakala, munthu wofatsa wa magalasi, ndipo atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti ndi wa kwathu. Anali a ku Kaumbwe. Asanakwere anasonkhanitsa asilikali n'kufunsa mafunde a nyanja yathu amakula bwanji, timayenda mtunda wotani, ndipo boti loyenera kuno lingakhale lotani. AMulenga ananena za injini ziwiri zija, mlembi wawo analemba. Kenako tinawakweza, aMulenga anakankha, ndipo Banakulu anathamanga tsiku limenelo monga sindinawaonepo. Madzi ankang'ambika kutsogolo, injini ikuimba bwinobwino, singano yoonetsa kutentha osasuntha. Ndinaima pansi paja misozi ili m'maso chifukwa cha chimwemwe, chitsiru ine. Pobwerera aSakala anatsika okha kuchipinda cha injini, anakhala pa bokosi langa la zipangizo osasamala yunifolomu yawo, nasiya Chingerezi.

"ADaka, ndise a kumodzi ise," anatero. "Niuzeni vazoona. Nkhalamba iyi ili bwanji?"

"Ili che bwino, bwana."

Anayang'ana matabwa atsopano a pansi aja, anapititsa chala pa paipi ina, penti n'kuwamatira. Anandiuza motsitsa mawu kuti iwo sanabwere kudzaweruza ntchito ya munthu, kuti boti kukalamba si mlandu wa makaniko, ndiponso kuti chimene chilembedwe tsiku limenelo chidzakhala chomwecho zaka zambiri. Kenako anafunsanso.

"Bolopeni ili m'manja mwanga, aDaka. Nilembe chani?"

"Lembani kuti ikali na mphamvu. Ine nikali moyo, siizagona panjila."

Analemba. Tinawaperekeza ndi mtolo wa nsomba zouma aliyense, ndipo m'mawa mwake ndinamasula pampu ija n'kukaibweza kwa mwini wake, ndikuthokoza ndi manja awiri.

Patapita miyezi yankho linabwera. Banakulu analembedwa m'gulu la maboti amene angagwirebe ntchito, ndipo atsopano analonjezedwa kwa anzathu a nyanja zina, amene sanachite manyazi kuonetsa zibowo zawo. Pamodzi ndi yankholo panali kalata yondiyamikira ine, imene inawerengedwa pa perete asilikali onse ataima njo. Ndinakondwa, ana inu, ndipo ndikunena izi ndi manyazi. AMulenga anakhala mwezi osandilankhula kupatula za ntchito. Akanatha kukandinenera, koma sakanapereka mbuya wawo. Ine ndinaganizapo zokaulula, koma kunamiza akuluakulu ndi mlandu waukulu ku usilikali, ndipo ndinaopa kuchotsedwa mizere ya pamkono. Ndinadziuza kuti ndiziisamala pampu yathu yakale kuposa kale. Tsiku lina aMulenga anandiponyera chinangwa chowotcha n'kufunsa ngati kwathu mbewa timadya ndi mchira womwe, ndipo ndinadziwa kuti andikhululukira. Ndinayesa nkhani yathera pomwepo.

Zinadutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Zinali zaka zabwino, sindingakane. Tinakoka asodzi ambiri, tinadya kapenta wambiri, imvi zinayamba kutuluka tonse awiri, aliyense kumaloza za mnzake. Maboti atsopano anafikadi kwa anzathu aja, ndipo tinamva kuti ali ndi injini ziwiriziwiri, monga aMulenga anapemphera. Iwo atamva anangoseka, nati nzeru zawo zikudyedwa ndi anthu ena. Ife tinapitiriza ndi Banakulu athu ndi malegeni.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera inauka m'mawa ndi ukali. Dzuwa litakwera pang'ono, munthu anathamangira kukampu kudzanena kuti boti lamatabwa lodzaza amayi a malonda ndi matumba a kapenta lagubuduzika kunja kwa doko, kupitirira kansonga ka miyala. Tinalumphira m'boti asanu ndi mmodzi. Pamenepo panalibe zoyenda pang'onopang'ono. AMulenga anakankha mpaka kumapeto, ine pansi ndikuyang'ana singano ikukwera. Ndinathira madzi ndi ndowa, ndinamenya pampu ndi sipanala, ndinaipempha ngati munthu. Utsi woyera unadzaza chipinda, injini inagogoda kawiri n'kuima. Nditakwera pamwamba ndinawaona anthuwo, mitu ikumira ndi kuyandama, ena atakangamira pamsana pa boti lawo, pafupi poti ukafuula mumvana. Mphepo inkatikankhira kutali nawo.

AMulenga sanandiyang'ane ndi diso loipa, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anavula jombo, anadzimanga chingwe chachitali m'chiuno, nandipatsa nsonga yake.

"Mbuya, gwila. Usataye."

Anasambira mpaka kukafika, anamasula chingwe m'chiuno n'kuchimanga pa boti logubuduzika lija. Ife tinakoka ndi manja mpaka zikhatho kusupuka, maboti awiriwo n'kuyandikana, ndipo anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi atagwira chingwecho. Ambiri anapulumuka. Koma panali mayi wina amene mafunde anamutengera patali atakumbatira chigubu, ndipo aMulenga anamutsatira opanda chingwe. Mayiyo anadzatoledwa ndi asodzi masana, ali moyo. AMulenga tinawapeza tsiku lachitatu.

Pa maliro a Mbemba, ife a kum'mawa ndife eni ntchito. Timakumba manda, timanyamula bokosi, timapaka anamfedwa ufa kumaso, timanyoza malemuyo kuti wathawa ntchito ndi ulesi, kuti olira aseke pang'ono mtima utsike. Onse ankayang'ana ine, mbuya wamkulu, kuti ndiyambe. Ndinaima kumutu kwa manda, ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anthu anati ndi chisoni, anandigwira m'mapewa n'kundikhazika pansi. Bana Chanda anali ndi pakati nthawi imeneyo. Mwambo utatha, abale anawatenga kupita nawo kumudzi kwawo kufupi ndi Kasama.

Ofufuza anabwera, ndipo mmodzi wa iwo anali aSakala, atakwezedwa udindo, tsitsi litayera. Anamasula pampu, anaiyang'ana, analemba kuti inatha ndi ukalamba, zimene zinali zoona. Palibe anafunsa za pampu ina. Banakulu anakokeredwa kumtunda n'kukhazikidwa pa mitengo, mbuzi n'kumagona kunsi kwake masana. Tsiku lonyamuka ofufuzawo, aSakala anandipeza nditakhala pamenepo ndekha. Anaima pambali panga manja ali kumbuyo.

"N'nakufunsani kawili, aDaka," anatero, napita kugalimoto.

Boti latsopano linadzafika kukampu kwathu ine nditapuma kale, ndikulima nthochi kuno. Sindinalionepo. Amene anakafikako akuti ndi lokongola, ndipo achinyamata amene amaliyendetsa sadziwa kuti malegeni amamanga paipi. Ndimawachitira nsanje, komanso ndimawamvera chisoni pang'ono, chifukwa chinangwa cha pa paipi ya utsi sadzachilawa.

Tsopano siyani kaye nsawazo, chatsala ndi chimene sindinauzepo makolo anu. Patapita miyezi inayi chichitikire maliro, ndinalandira kalata ya Bana Chanda, yolembedwa ndi pensulo pa pepala la m'kope. Anati achira bwino, mwana wamwamuna. Anati amuna awo masiku onse ankawauza kuti asamade nkhawa iwo akapita panyanja, chifukwa pansi pali mbuya wawo amene boti limamumvera. Pamenepo ndinazindikira kuti za pampu yobwereka aMulenga sanauze ngakhale mkazi wawo. Bana Chanda anapitiriza kuti akudziwa kuti pakanapanda manja anga, nkhalamba ija ikanawamiza kalekale, ndipo zaka zonse zimene anakhala ndi amuna awo anazilandira kwa Mulungu ndi kwa ine. Chifukwa cha chimenecho, abale anagwirizana kuti mwanayo asatchedwe dzina la kwawo. Anamutcha Yotamu, dzina langa.

Mwana ameneyo pano ndi bambo wandevu, mwina ali ndi ana ake, ndipo kulikonse kumene ali, akaitanidwa dzina langa amayankha. Nditabwera pa tchuthi chaka chimenecho ndinagula envelopu ndi sitampa pa positi ya pa Nyimba pano, kuti ndiwalembere Bana Chanda zoona zake za pampu ija. Agogo anu nditawauza zonse anandiyalira pepala patebulo n'kundipatsa bolopeni. Ndinalemba tsiku pamwamba, ndinalemba moni. Kalatayo ikadali pa moni pomwepo.